Fupa Lodikiridwa ku Ndirande

Joni, 12 Okutobala 1987

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko ku Ndirande, inu, mwana wathu Asia ndi amayi. Ngati pali wina amene waiona kalatayi inu musanaione, nayenso moni. Andikhululukire, nkhani yake ndi ya mafinya.

Ine ndili moyo. Ndayambira pamenepa chifukwa patha miyezi itatu osakulemberani, ndipo anthu akwathu ndimawadziwa: munthu ukangokhala chete pang'ono amayamba kuyesa nsapato zako. Muwauze amalume anga a Majidi kuti jekete langa labulawuni lija alibwezere pamsomali pomwe analipeza.

Za opaleshoni ya mtima ya mu Julaye ija mukuzidziwa. Kachitseko ka mumtima kamene kanatha ntchito kaja anakachotsa n'kuikapo kachitsulo. Kumeneko kunalibe vuto. Kakugwira ntchito, ndipo m'chipinda mukakhala zii kamamveka kakugunda ngati wotchi yotchipa. Vuto linabwera ndi khomo limene analowera. Kuti afike pamtima, madokotala amacheka fupa la pachifuwa pakatikati, monga mmene inu mumang'ambira nganga ya nkhuku, akamaliza n'kulimanga ndi mawaya. Anzanga onse a m'wodi muno mafupa awo analumikizana mwaulemu, iwo n'kumapita kwawo. Langa, poti ndi fupa la munthu wophunzira, linayamba mtsutso. Bala linatupa, linatseguka, mafinya osaleka, thupi kutentha mpaka ndinkalankhula Chiyao ndi manesi achizulu n'kumawakwiyira kuti sakuyankha. Ananditsuka m'katimo kawiri. Kachitatu dokotala wamkulu anakhala pabedi langa, chinthu chimene mzungu wa kuno sachita wamba, nati fupalo laola, tikalisiya likutenga. Analichotsa lonse. Pamalo pake anakokerapo minofu ya m'mbali n'kusoka.

Ndiye mudziwe kuti mwamuna wanu alibe fupa la pachifuwa. Nthiti zangoima ngati mapaso a nyumba imene aichotsa mtanda. Pakati pa mtima wanga ndi dziko lonseli pali khungu ndi kamnofu basi. Ndikavula malaya umaoneka ndi maso ukudumpha ngati chule m'thumba. Ophunzira udokotala amabwera m'magulu kudzandionera. Ndinakhala ku Zomba zaka zinayi, digiri ya Histole ndinaitenga ndi thukuta, ndinaphunzitsa ana a eni mpaka choko chinandilowa m'mapapo, palibe amene anayendapo ulendo kudzandiona. Lero ndatchuka chifukwa cha chinthu chimene ndilibe.

Koma thupi lazizira, bala lauma, ndikudya, ndipo dzulo ndinayenda ndekha mpaka pawindo n'kuona jakaranda atachita maluwa ngati aja a m'tauni kwathuko. Ndinaima pamenepo mpaka nesi anachita kudzandikoka. Alihamdulillahi.

Musalire. Kapena lirani pang'ono, ndisadzamve kuti simunalire n'komwe.

Abwana a kusitolo ya nsalu akuti mpando wanga wa ukalaliki akundisungira. Kandalama kochepa akutumizirani ndi Hussain, mnzanga wa ku Mangochi uja. Mumugulire Asia nsapato, zotsalazo muone za denga la kukhitchini mvula isanayambe. Amayi muwauze nkhaniyi pang'onopang'ono, monga mmene mumathirira mchere m'ndiwo.

Ndine mwamuna wanu, amene watsalako,
Habibu


Joni, 20 Novembala 1987

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti chimfine cha Asia chinatha ndiponso kuti munalira ndithu, mokwanira. Ine ndikupezako bwino tsiku ndi tsiku. Kuchipatala ananditulutsa. Ndikukhala kwa Hussain, m'kachipinda kake kuseri kwa mzikiti wa Amwenye kumene iye ndi muazini, woitana anthu kumapemphero a swala.

Mwafunsa kuti munthu wopanda fupali amakhala bwanji. Amakhala mwaulemu, mayi. Andipatsa chishango cha pulasitiki chokhala ndi malamba, chovalira m'kati mwa malaya. Ndikachivala ndimafanana ndi kamba amene wasokoneza n'kuvala chigoba kumimba. Chimatentha, chimayabwa, koma sindituluka pakhomo popanda icho. Kunyamula chinthu cholemera kuposa ketulo n'koletsedwa. Kuyetsemula ndi mwambo wathunthu: ndikamva kuti kukubwera ndimathamangira pilo, kuikumbatira, kenako n'kuyetsemula mwamanyazi ngati mkwatibwi. Kuseka nakonso n'chimodzimodzi, moti Hussain ndamuletsa kuyamba nthabwala ndisanagwire pilo. Podzuka ndimachita kugubuduka cham'mbali ngati thumba la chimanga. Swala ndikuswalira pampando, pamzere wa nkhalamba, ndipo nkhalambazo zandilandira ngati mnzawo wakalekale. Ina yandilonjeza kale ndodo. M'sitima ndimaima pakona, manja nditapinda pachifuwa, anthu n'kumandiyesa wonyada. Kale ankandinena zomwezo popanda chifukwa, tsopano chifukwa chapezeka.

Koma ndikupuma, Amake Asia. Masitepe ndikukwera osaima. Chaka chatha ndinkachita kupumira pomanga zingwe za nsapato, kungoti sindinkakuuzani.

Tsopano za amayi. Ndinati muwauze pang'onopang'ono. Inu mwakhuthula mchere wonse, ndi mawaya omwe. Ndipo funso lawo loyamba si lakuti mwana wanga akudya kapena ayi, koma lakuti fupalo lili kuti! Ndawerenga kawiri mawu awo amene mwandilemberawo. Akuti chiwalo cha Msilamu sichitayidwa ngati mutu wa usipa, chimakulungidwa m'nsalu yoyera n'kukwiriridwa. Akuti chibwere chidzagone pafupi ndi malemu abambo, kuti pa tsiku la Kiyama, louka akufa, ndisadzavutike kuchifunafuna kudziko la eni. Ndipo akuti ndisadzaponde pakhonde pawo nditasiya chidutswa cha mwana wawo kutchire. Abiti Mohamed ndimawadziwa, anandibereka: akanena, anena. Paja anakhala osalankhulana ndi achemwali awo chifukwa cha mbuzi, mpaka mbuziyo inafa ndi ukalamba.

Ndiye ndikafunsa kuchipatala. Kunena zoona sindinaganizeko n'komwe. Munthu potuluka m'nyumba yoyaka safunsa za chitseko.

Dokotala akuti mvula ikamadzatha ndidzakhala nditalimba moti n'kukwera ndege. Ndikufuna kubwera, kubwereratu. Zaka zinayi zakwana. Muwafunse achimwene anu a ku Kanjedza, poti amadziwana ndi anthu, ngati nkhani ya kusukulu ija, imene inandibweretsa kuno, inazizira. Asandilembere, angokuuzani pakamwa.

Wanu,
Habibu


Joni, 18 Disembala 1987

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino, denga silikudontha, ndiponso kuti achimwene anu akuti pa nkhani ya kusukulu ija kunja kulibe mitambo. Mtolo umodzi watsika. Mwati shuga wakweranso mtengo. Chepetsani masupuni a amalume, amamwa tiyi ngati akuumba njerwa.

Ndinapita kukafuna fupa langa. Ndinayambira kwa dokotala. Atandipima n'kunena kuti mtima ukuyenda ngati wa mnyamata, ndinati, "Dokotala, mayi anga akufuna fupa lija." Anaseka poganiza kuti ndi nthabwala zanga za masiku onse. Ataona kuti sindinagwire pilo, analeka. Anati linatuluka m'zidutswazidutswa, lofewa ngati bisiketi yonyowa. Kachidutswa kena anakatumiza kokapima tizilombo, zotsalazo sakudziwa, ndikafunse asisitala a ku fiyeta, kuchipinda cha opaleshoni.

Asisitala a Constance, mayi wachizulu wamkulu thupi ngati kabati, amene ankandisambitsa ndili chikomokere, anandimvetsa msanga, poti nawonso kwawo ali ndi amayi. Anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, zonse zotuluka muno zimalowa m'thumba, thumbalo limapita kuseri." Sananene kuti kuseri kuli chiyani. Ndinapita ndekha.

Kuseri kuli ng'anjo ndi chumuni chachitali. Wosonkhezera motowo, mukhulupirire, ndi mtchona wakwathu, bambo Yona a ku Phalombe, amene anabwera kuno ine ndisanabadwe. Tinapatsana moni wautali, anandifunsa ngati basi ya ku Chiringa ikuyendabe. Kenako ndinanena chimene ndadzera. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana chumuni.

"La liti, aphunzitsi?"

"La mu Seputembala."

"Aa! Apa ndimawotcha m'mawa uliwonse. Miyendo, zala, za azimayi obereka. Phulusa lake amadzatenga a lole."

"Kupita nalo kuti?"

"Zimenezo ndiye sindinafunsepo. Mukanabwera tsiku lomwelo ndikanakusungirani."

"Tsiku lomwelo ndinali wotanganidwa pang'ono," ndinatero.

Ndiye ndi zimenezo. Kulibe. Ndipo sikungosowa chabe, analiwotcha. Inu mukudziwa mmene amayi amaonera za moto: ngakhale tsitsi lometa ndi zikhadabo amachita kukumba kadzenje, saponya pamoto. Ndinakhala pathumba la malasha la bambo Yona. Mipeni yonse ija ndinapirira osatulutsa msozi, koma apo ndinalira, ndipo kulira wopanda fupa n'kowawa kuposa kuseka. Pilo ndinali nditaisiya kunyumba. Bambo Yona anavula jekete lawo, analipinda n'kundipatsa kuti ndikumbatire.

Amayi musawauze kaye. Akafunsa muziti nkhaniyi ili m'manja mwa akuluakulu. Si bodza kwenikweni, ndipo kwathuko mawu amenewo amatseka pakamwa pa aliyense. Ndipatseni nthawi ndiganize.

Wanu,
Habibu


Joni, 25 Januwale 1988

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Moni kwa nonse. Ine thupi lili bwino, ndabwerera kuntchito theka la tsiku. Nsalu amanyamula ndi anzanga, ine ndimangoloza ndi pensulo, ntchito imene ndinabadwira.

Koma kalata yanu yandichotsa chilakolako cha chakudya. Ndiye kuti amayi alengeza kale! Azimayi onse a kumzikiti kwathu akudziwa, a ku Goliyo akudziwa, ogulitsa makala pa Chinseu akudziwa kuti fupa la mwana wa Abiti Mohamed likubwera pandege. Amalume akasankha kale malo kumanda, pafupi ndi abambo, ndipo akuti ndi pamthunzi. Ndiwathokoze? Mu Blantyre monse ndine ndekha amene ndikuikidwa m'manda pang'onopang'ono, monga mmene anthu amalipirira wailesi ya kusitolo.

Chiyembekezo changa chinali mwa a Shehe. Mwati anawafotokozera amayi bwinobwino kuti kukwirira chiwalo cha munthu wamoyo ndi chinthu chabwino, koma palibe swala ya maliro, ndipo chikapanda kupezeka palibe tchimo. Amayi n'kuwayankha kuti, "A Shehe, munamunyamula ndinu miyezi isanu ndi inayi?" Ndikuwamvera chisoni a Shehe. Anakaphunzira mpaka ku Zanzibar kuti adzagonjere pakhonde la ku Ndirande.

Tsopano tamverani, ndipo musayambe kukweza nsidze musanamalize. Hussain wabwera ndi nzeru. Akuti fupa ndi fupa. Amayi sanalionepo langalo, amalume sanalionepo, ine mwini wake sindinalionepo. Loweruka tinapita ku butchala ya halali n'kugula chifuwa cha nkhosa yaikulu. Nyama tinadya, ndisaname, inali yabwino. Fupalo tinaliwiritsa, kulipala ndi mpeni, kuliviika mu tiyi kuti lioneke ngati lavutikapo, n'kuliyanika padenga. Pano lili pawindo, likundiyang'ana. Hussain akuti tikalikulunga m'nsalu yoyera n'kusoka palibe adzatsegule, amayi mtima udzakhala pansi, ine ndidzalowa m'nyumba. Akuti bodza lotonthoza kholo Mulungu amaliyang'ana ndi diso limodzi. Ndinamufunsa kuti zimenezo zinalembedwa m'buku liti. Akuti waiwala tsamba.

Ndikudziwa, ndikudziwa. Koma taganizani, Amake Asia. Amayi ndi okalamba, magazi awo amathamanga. Ndikawauza za ng'anjo ndiwapha, apo ayi andikana. Ine ndikufuna kudzakhala pakhonde lathu ndizimva Asia akuwerenga, mwana amene ndinamusiya akungoyamba kutchula mawu. Kuno tsiku lililonse ndimakwera sitima ndi mantha akuti wina andigunda ndi chigongono, n'kugwera pakati pa anthu osadziwa ndi dzina langa lomwe. Zikatero ndiye chotsala ku Joni sichidzakhala fupa lokha.

Popanda inu sizitheka, poti zoona mukuzidziwa. Ndiyankheni liwu limodzi.

Wanu,
Habibu


Joni, 22 Febuluwale 1988

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Kuti muli bwino sindifunsanso, ndaonera mphamvu ya cholembera chanu. Ndinapempha liwu limodzi, mwanditumizira masamba anayi, kutsogolo ndi kumbuyo. Ndawerenga nditakumbatira pilo.

Zina ndavomereza. Zina zinali zosafunika. Kunena kuti pa Kiyama ndidzadzuka ndikulira kuti mee, mitundu yonse ikuona, kunali kupyola muyezo. Kufunsa ngati nanunso mukadzamwalira tidzakuikeni pafupi ndi nkhosayo poti ndiye mwamuna wanu, nakonso. Hussain ndamuwerengera ndime yake ija, ya munthu woitana anthu kuswala kasanu pa tsiku n'kumaviika mafupa mu tiyi. Wapita kukasesa mzikiti wosesedwa kale.

Koma pamene mwandibaya ndi paja mwati munakwatiwa ndi munthu amene anasiya choko chifukwa pakamwa pake panakana kukhota pamaso pa akuluakulu, ndipo mwadya ndiwo zopanda mafuta zaka zinayi chifukwa cha pakamwa pamenepo, osadandaula. Ndiye lero pakhote pamaso pa mayi ake? Ndiponso kuti ndinu amene mudzakhale pamphasa pambali pa apongozi anu akulira nkhosa, inu mukudziwa. Pamenepo yankho ndilibe. Ndafufuza mu Histole yonse, mulibe.

Fupa lija ndinamupatsa galu wa mlonda wa sitolo yoyandikana nafe. Analinunkhiza n'kulisiya. Ngakhale galu.

Ndaikamo kalata ya amayi. Muwawerengere nokha, muli awiri, Asia ali kusukulu, amalume palibe. Musachotse liwu, musawonjezere shuga. Ndikuopa, Nasima mkazi wanga. Patebulo la opaleshoni sindinaope chonchi, poti kumeneko amayamba akugoneka kaye.

Wanu,
Habibu

Amayi,

Asalamu alaikumu. Ndine mwana wanu Habibu, ndagwada, ngakhale ndachita kugwirira mpando. Ndili moyo ndipo ndikuchira, chifukwa cha Mulungu ndi mapemphero anu.

Munandituma fupa. Ndinalilondola mpaka kumene linathera. Amayi, kulibe. Linali litaola, linatuluka lophwanyikaphwanyika, ndipo achipatala analiwotcha pamodzi ndi za odwala ena, monga amachitira ndi aliyense, ine ndili chikomokere. Sanachite mwachipongwe, ankapulumutsa chotsalachi. Phulusa lake sindikudziwa kumene lili. Ndinatsala pang'ono kukubweretserani fupa lina kuti mtima wanu ukhale pansi. Mpongozi wanu ndiye anandiletsa.

Munandipatsa thupi lathunthu, ndikubweza loperewera. Ndikudziwa kuti munauza anthu, ndipo muchita manyazi chifukwa cha ine. Munanena kuti ndisaponde pakhonde panu popanda fupalo, ndipo mawu anu sindingawalumphe. Mukati ndikhale kuno, ndikhala. Koma ndikupempha mundilole ndibwere ndi zimene zatsala. Zatsala zambiri ndithu, amayi. Mutu uja mumati ndi woumawu ulipo wonse.

Mwana wanu,
Habibu


Joni, 11 Epulo 1988

Amake Asia,

Asalamu alaikumu. Kaya muli bwanji, poti sindikumva kanthu. Ine ndili bwino. Dokotala wandilola kukwera ndege, wandilemberanso kalata yokapereka kuchipatala cha Gulupu kuti azikandipima magazi chifukwa cha mapiritsi amene ndizimwa moyo wanga wonse. Abwana apeza kale kalaliki wina, wodziwa kunyamula nsalu ndi kuwerengera pa nthawi imodzi, ndipo ndikumuphunzitsa ntchito yanga ngati mbuzi yonola mpeni. Sutikesi ndinagula. Tikiti sindinagule.

Malichi yense ndakhala ndikudikira wapositi pageti, moti wayamba kundipatsa moni wa pamaliro. Mwina kalata yanu inakondedwa panjira. Mwina amayi adwala ndipo mukundibisira monga mmene ine ndinkachitira. Ngati ndi choncho, ndaphunzira, lekani. Mwina anayankha, ndipo yankho lake ndi lija.

Ramazani ikuyamba sabata yamawa. Dokotala wandiletsa kusala chifukwa cha mankhwala, ndiye ndizidya mobisala m'nyumba ya muazini ngati khoswe.

Chilichonse chimene anena, ndiuzeni. Pachifuwa pano palibenso choti chingathyoke.

Wanu,
Habibu


Joni, 6 Juni 1988

Amake Asia,

Asalamu alaikumu, ndipo Idi yabwino ngakhale inapita. Alihamdulillahi, alihamdulillahi. Kalata yanu yafika Lachisanu. Ndinaiwerengera pageti pomwepo, wapositi ataima ndi njinga yake kudikira kuti aone nkhope yanga.

Poyamba mlandu wanu. Miyezi itatu! Mukuti simunafune kulemba amayi asanayankhe. Mukanalemba kuti "sanayankhe", liwu limodzi, sitampa imodzi. Nkhani imeneyi tidzaikamba ndikafika, ndipo ndidzapambana.

Ndikubwerezereni mmene ndamvera, muone ngati ndamva bwino, poti maso ankachita nkhungu. Mutawawerengera kalata ija amayi sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Bwerezani pa motopo." Munabwereza, iwo n'kulowa kuchipinda. Kuyambira pamenepo dzina langa silinatulukenso pakamwa pawo, Malichi yense, Ramazani yonse. Azimayi akafunsa za fupa iwo ankayankha za mvula. Ndiye tsiku la Idi, anthu atadzaza pakhomo, a Shehe alipo, amalume mbale ili m'manja, anaimirira n'kunena okha pamaso pa onse kuti fupa silibwera, analiwotcha. Amalume n'kuyamba kuti, "Nanga pa Kiyama mwanayu adzatani?" Amayi n'kuwadula:

"Majidi, idya. Fupa limenelo linaumbidwa m'mimba mwanga muno, mumdima, popanda nyale, ine ndikudya chinangwa ndi mchere. Amene analiumba mmenemo angalephere kulitola m'phulusa la ku Joni? Ndinkafuna kumuthandiza ntchito, wandionetsa kuti safuna waganyu. Akadzafuna mboni yoti linali lotani, ine ndilipo. Mwana abwere."

Amake Asia, a Shehe ananena zomwezi mu Januwale, ndi ndime za m'Kurani zomwe, amayi n'kuwathamangitsa. Lero azilankhula okha ngati azitola panjira, a Shehe n'kumavomereza ngati akuzimva koyamba. Munthu wanzeru, a Shehe. Koma ndikudziwa chimene chinawatengera miyezi itatu amayi: kuimirira pamaso pa azimayi anzawo n'kumeza mawu awo. Sanachitepo zimenezo chibadwire. Achitira ine.

Tikiti ndagula. Ndinyamuka pa 24 Juni, kutsikira ku Lilongwe, kenako kandege ka ku Chileka. Njira yapansi ya ku Tete ndi ya anthu a mafupa onse. Tsopano malamulo, ndipo muwawerengere onse pakhomopo.

Mundigulire khadi la chipani la chaka chino, ndidzalipeze m'manja mwanu pabwalo la ndege pomwepo. Anyamata athu akhama a pachipata cha msika aja akamafunsa khadi amakonda kugogoda munthu pachifuwa ndi chala, ndipo chala ndi chimene ndikuchiopa kuposa mkango. Ngati n'kofunika ndidzalimata pachipumi. Basi yodzaza ayi, mupemphe galimoto ya achimwene anu. Sutikesi adzanyamule amalume. Asia mumuuze kuti asadzandithamangire n'kundidumphira. Adzabwere cham'mbali, agwire dzanja, ine ndidzakhala pansi n'kumuika pamwendo. Muyesere naye: mumange mazira awiri pachifuwa cha amalume, aziwalonjera mpaka asiye kuswa. Azakhali a ku Bangwe, amene amakumbatira munthu ngati akufinya bulangete, muwaimike kuseri kwa mpanda mpaka chimwemwe chitsike.

Chomaliza. Mwati amayi aika lamulo limodzi: akufuna kuuona mtimawo ndi maso awo, iwo poyamba, wina aliyense asanauone, poti anayamba kuumva ndili m'mimba koma sanauonepo. Auzeni kuti ndamva. Ndidzakwera pakhonde, ndidzalowa, ndidzamasula malamba. Akafuna kugwira agwire ndi chikhatho chonse, mofatsa. Adzaumva ukugunda m'dzanja mwawo, chotchinga palibe.

Mwadandaula kuti inu, eni ake, mudzakhala achiwiri pamzere. Musanyinyirike, Nasima. Amayi adzaona, adzalira, adzandinena kuti ndaonda, kenako adzapita kukagona kuchipinda kwawo.

Ndine wanu, wa m'njira,
Habibu